Girinipepa asapsere limodzi ndi anyezi: kagulidwe, kasungidwe ndi kaphikidwe kake kuno ku Joni

Kwathu ku Ntcheu tsabola amene tinkamuwerengera anali wowawa. Kambuzi sankasowa pambali pa mbale ya bambo, ndipo mayi ankamuyanika pa lichero kuti afike naye dzinja. Girinipepa tinkamuona pa msika wa Lizulu atamuunjika bwinobwino m'mbali mwa msewu, koma tinkati ndi wa anthu a m'tauni amene amaimika galimoto popita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pakhomo ankafika pa ukwati basi, atadulidwa timizeremizere pamwamba pa mpunga kuti mbale ikongole.

Kuno ku Johannesburg ali ponseponse. Pa spaza, timaokala ta kuno, alipo, pa matebulo a ogulitsa pafupi ndi renki ya matakisi ya Bree ndi ya Noord alipo, ku msika wa Yeoville ndiye osanena. Ambirife timamugula ndithu, koma vuto lili mu poto. Ndakhala ndikuona m'nyumba za abale ku Rosettenville, ku Turffontein ndi ku Mayfair, ndipo nanenso ndinkachita zomwezo: mafuta akatentha timaponya anyezi, tsabola ndi matimati nthawi imodzi, nyama pamwamba, madzi, kenako poto n'kumabwata ola lathunthu. Pofika popakula tsabola uja wasanduka kakhungu kotuwa koyandama mu msuzi, ndipo ana amakatola ndi zala n'kukaika m'mphepete mwa mbale.

Amene ananditsegula maso ndi mayi ena achikulire a ku Mangochi amene tinkakhala nawo bwalo limodzi nditangofika. Anandipeza ndikudula tsabola yense kuti ndimuponye m'mafuta, n'kundigwira dzanja. "Mwanangu, ameneyu si ng'ombe yokalamba ayi. Muikireni pambali, alowa tikamavundula nsima." Tsiku limenelo ndiwo zinanunkhira mpaka kubwalo, tsabola ali wobiriwira, akulira khurrr pansi pa mano. Zifukwa zake ndinadzazimvetsa pambuyo pake.

Mu magalamu 100 a girinipepa wamuwisi muli mamiligalamu pafupifupi 80 a vitamini C. Lalanje lolemera chimodzimodzi lili ndi pafupifupi 53. Mabungwe a padziko lonse oona za umoyo ndi za chakudya, WHO ndi FAO, amati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 45 pa tsiku, choncho theka la tsabola wamkulu bwino, likadyedwa losapsa, limafikitsa pamenepo. Thupi lathu silipanga lokha vitamini ameneyu ndipo silimusunga nthawi yaitali, ndiye amafunika kulowa pafupipafupi. Ndi amene amathandiza kuti zilonda zipole, nkhama zisamatuluke magazi, komanso kuti thupi litenge ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Ngakhale wasayansi wa ku Hungary, Albert Szent-Györgyi, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1937, vitamini C wochuluka wofufuzira anamutenga mu tsabola wa paprika wolimidwa ku Szeged, amene ndi mtundu umodzi ndi girinipepa wathuyu.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa cha mmene timakhalira kuno. Kumudzi mwana amadzuka n'kutola mango, magwafa, masuku, malambe, popanda wolipira. Kuno chipatso chilichonse ndi ndalama. Timadzuka 4 koloko kuthamangira takisi, timabwerera kutada, ndipo chakudya cha sabata yonse chimazungulira pa buledi, tiyi, nsima, nsomba za m'chitini ndi zipalapasiro. Mimba imakhuta, koma zina zofunika m'thupi zimasowa mwakachetechete. Tsabola mmodzi wogula pa renki angathe kutseka mpata umenewo, bola tisamuphe ndi moto, chifukwa vitamini C amawonongeka akatentha nthawi yaitali ndiponso amasungunukira m'madzi.

Tiyambe ndi pogula. Munyamuleni m'dzanja kaye. Wabwino amalemera kuposa mmene akuonekera, khungu lake limawala, ndipo mukamusindikiza pang'ono ndi chala amakana. Yang'anani kamtengo kake: kakhale kobiriwira, kosafota. Kenako yang'anitsitsani dzenje lozungulira kamtengoko, chifukwa kuwola kumayambira pamenepo, ndipo wogulitsa amadziwa kutembenuzira mbali yofewa pansi. Wamakwinya wataya madzi, wakhalitsa. Mungamugule ngati akutsitsirani mtengo ndipo muphika tsiku lomwelo, koma osati wosunga. Amene amamangidwa m'timapulasitiki n'kusiyidwa padzuwa mpaka mkati mwachita thukuta ndimawapewa. Kuli bwino kupempha kuti musankhe nokha pa mulu.

Pali nkhani imene imazungulira pa WhatsApp yoti tsabola wa mapewa atatu pansi ndi wamwamuna, wa mapewa anayi ndi wamkazi ndipo ndi wotsekemera. Musatayire nthawi pamenepo. Chipatso cha tsabola chilibe chachimuna kapena chachikazi. Mapewa amatengera mtundu wa mbewu ndi mmene yakulira, ndipo kutsekemera kumabwera ndi kupsa.

M'masitolo ngati Shoprite ndi Pick n Pay mudzaona paketi ya atatu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, imene eni dziko amaitcha "robot" potengera maloboti a pamsewu. Wobiriwirayo ndi tsabola amene wathyoledwa asanapse. Akanasiyidwa mumtengo akanafiira kapena kuchita chikasu, malinga ndi mtundu wake. Wofiira amakhala ndi vitamini C wochulukirapo, pafupifupi mamiligalamu 128 pa magalamu 100, komanso zopangira vitamini A zambiri, koma amadula chifukwa mlimi amamudikira masabata ena m'munda. Ndiye mukapeza pa mulu wa obiriwira pali wina amene wayamba kufiira mbali imodzi koma ali wolimba, tengani ameneyo. Mwapeza zabwino pa mtengo wotsika.

Amene muli ndi banja lalikulu kapena mumaphika zogulitsa, ganizirani za Joburg Market ku City Deep, komwe ogulitsa ambiri a m'misewu amapikula. Kumeneko amagulitsa pa bokosi kapena pa thumba, ndipo kumafunika kulawirira. Bokosi lonse nyumba imodzi silingathe lisanawole, choncho sonkherani nyumba zinayi kapena zisanu monga timachitira chipereganyu, mmodzi apite, mudzagawane. Kumbukiraninso nyengo. Mu Juni ndi Julayi kuno ku Gauteng kumagwa chisanu chimene tsabola sapirira, ndiye wambiri amachokera kumadera otentha monga Limpopo, ndipo mtengo umasinthasintha. Mukamupeza wotchipa m'miyezi yamvula, imeneyo ndiyo nthawi yogula wambiri ndi kusunga.

Mukafika naye kunyumba musamutsuke. Madzi otsalira pa khungu ndi amene amafulumizitsa kuwola. Muikeni m'kabati ya pansi ya firiji, m'pulasitiki yoboola kapena mutamukulunga ndi pepala, ndipo akhala sabata imodzi kapena kupitirirapo. Asagunde khoma lakumbuyo kwa firiji kumene kumachita ayezi, chifukwa tsabola ndi mbewu ya kotentha, ndipo akazizidwa kwambiri khungu limachita timaenje n'kuyamba kufewa. Ngati mulibe firiji, monga ambiri amene akukhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni, gulani wa masiku awiri kapena atatu okha, mumuike pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi sitovu ndi zenera. Mukadula theka, siyani njere ndi kamtengo ku theka lotsalalo, mulivindikire, ndipo mawa lake lithe.

Wosunga mufiriza ndi wosavuta. Tsukani, pukutani mpaka aume, dulani, yalani tizidutswato pa mbale yafulati kuti tiume ndi ayezi patokhapatokha, kenako mulongedze m'timatumba ta mlingo wa poto mmodzi. Safunika kumuwiritsa kaye. Pophika musamusungunule, mungomuthira mu poto ali ndi ayezi wake. Wotereyu ndi wa mu ndiwo basi, wa saladi ayi, chifukwa amafewa. Magetsi akazima musamatsegule firiza pafupipafupi, ndipo mukapeza thumba lasungunukiratu, liphikeni tsiku lomwelo.

Tsopano potsuka ndi podula, pamene ambiri timataya zabwino osadziwa. Tsukani tsabola ali wathunthu, pa madzi oyenda, mukumupukusa ndi zala, makamaka m'dzenje la kamtengo muja momwe mumabisala fumbi ndi mankhwala a kumunda. Sopo safunika. Mukadula musamutsukenso, ndipo musamuviike m'beseni podikira kuti nyama ipse. Madzi amenewo mukawataya, vitamini amapita nawo limodzi. Dulani nthawi yoti alowe mu poto itayandikira.

Kadulidwe kanga ndi aka. Ndimamuimika pa thabwa kamtengo kali m'mwamba, n'kutsitsa mpeni m'mbali kanayi, ngati ndikugwetsa makoma a nyumba. Chitsononkho cha njere chimatsala chili chiimire pakati, njere osabalalika. Timinofu toyera ta mkati ndimachotsa ngati akudya ndi ana, chifukwa ndi timene timawawirako pang'ono, ngakhale kuti n'todyedwa. Njere zikagweramo zingapo zilibe vuto. Podula timizere, gonekani khoma lililonse khungu lili pansi, mpeni sudzaterereka. Ndipo popeza tsabolayu adyedwa asanapse kwenikweni, mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo kaye, kapena yambani kudula tsabola nkhuku ibwere pambuyo.

Pophika, gawani tsabola wanu pawiri. Gawo laling'ono, mwina limodzi mwa magawo atatu, liduleni tating'onoting'ono likazingidwe ndi anyezi pachiyambi. Limeneli ntchito yake ndi kupereka fungo ku msuzi, ndipo lidzasungunuka. Gawo lalikulu liduleni mokulirapo, lidikire pa mbale, lilowe kutatsala mphindi zitatu kapena zisanu kuti muphule. Vindikirani, zimitsani moto, nthunzi imalize ntchito. Chizindikiro chake ndi mtundu: akakhala wobiriwira mowala, ali bwino. Akayamba kutuwa ngati yunifolomu ya asilikali, mwapitirira.

Ndiwo imene ndimafuna aliyense ayambire ndi nyemba, chifukwa ndi pamene tsabola amagwira ntchito yaikulu. Tengani makapu awiri a nyemba zouma, zija za mawangamawanga zimene kuno amati sugar beans, muzisankhe, muziviike usiku wonse. Kuviikaku kuno n'kofunika kuposa kumadera otsika a kwathu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo pamtunda wotero madzi amawira asanatenthe kwambiri, pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100. N'chifukwa chake a ku Salima ndi a ku Nsanje amadandaula kuti nyemba za kuno sizipsa, pamene a ku Dedza sadabwa kwenikweni. Ena akatopa kudikira amathira soda. Chonde musatero mu poto amene mulowe tsabola, chifukwa soda amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a m'nyembamo. Viikani, tayani madzi oviikirawo, thirani ena, phikani mpaka nyemba iziphwanyika pakati pa zala.

Mu poto wina tenthetsani masupuni awiri kapena atatu a mafuta. Ikani anyezi mmodzi wamkulu, ndipo akayamba kufewa onjezani adyo ndi gawo laling'ono lija la tsabola. Pakapita mphindi ziwiri ikani matimati atatu ndi mchere, ndi kale (curry) pang'ono ngati mumamukonda, mpaka matimati aphwanyike mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Thirani nyemba ndi msuzi wake, phwanyani zina ndi chipande kuti msuzi ulimbe, zibwate mphindi khumi. Pamenepo tsirani nsima. Mukamayamba kuvundula, thirani tsabola wotsala mu nyemba, takasani kamodzi, vindikirani, zimitsani. Pofika poomola nsima, ndiwo zakonzeka.

Chifukwa chake ndi ichi. Nyemba zili ndi ayironi, amene thupi limapangira magazi, koma ayironi wa m'zomera thupi limavutika kumutenga. Vitamini C akakhala m'chakudya chomwecho, amathandiza kuti wambiri alowe. Tiyi wamasamba amachita zosiyana, amatsekereza, choncho chizolowezi chotsitsira nsima ndi kapu ya tiyi tichisinthe, tiyi azidikira ola limodzi. Amayi anzanga oyembekezera ndi amene mumamva chizungulire ndi kutopa kosatha, tsabola akuthandizani, koma salowa m'malo mwa kukayezetsa magazi ku kiliniki ndi kumwa mapiritsi amene akupatsani.

Usipa ndiye umafuna ulemu wake, poti umachokera kutali, wina atausenza pa basi masiku awiri mpaka ku Park Station. Chotsani mitu, tsukani m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, kazingani m'mafuta mpaka uyambe kufiirira. Ikani anyezi, kenako matimati, madzi pang'ono, ubwate mphindi zochepa. Tsabola muduleni timizere tataliko tofanana ndi usipawo, alowe kumapeto. Amachepetsa kafungo ka kuuma ndi kuwawira kwa usipa wokhalitsa, ndipo kaphukusi kamene kakanatha masiku atatu kamafika sabata. Chimodzimodzi ndi matemba. Nsomba za m'chitini ndi zophikaphika kale, ndiye konzani anyezi ndi matimati, thirani nsomba ndi tsabola nthawi imodzi, mphindi zinayi zakwana.

Nyama ya ng'ombe, nkhuku yolimba ndi zam'kati zipse kaye zokha mpaka zifewe, tsabola adzabwere msuzi utalimba. Mazira ndiye achangu: tsabola mphindi imodzi m'mafuta, mazira pamwamba, mwamaliza musanachedwe takisi.

Kwa eni dziko taphunzirako chakalaka, imene anthu amati inayambira m'makomboni ndi m'migodi yozungulira Johannesburg yomweyi, kumene agogo athu ankabwera kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Kazingani anyezi ndi adyo, ikani kale, kenako karoti atatu opala pa gireta, apse mpaka afewe. Onjezani matimati, ndi tsabola wowawa mmene mumakondera. Girinipepa awiri alowe pambuyo pa karoti, osati patsogolo monga ambiri amachitira, ndipo chitini cha nyemba chitsirize. Imakoma yotentha, imakomanso yozizira, ndipo m'firiji imakhala masiku atatu. Ndi yabwino kunyamula m'kontena popita kuntchito, kudyera buledi kapena mpunga.

Pali ndiwo zimene ine sindimuikamo. Mu nkhwani wotendera fungo lake limalimbana ndi nsinjiro, zonse ziwiri n'kutayika. Mu therere ndiye kungomuwononga, poti muli soda. Masiku a ndiwo zimenezi ndimamudya wamuwisi pambali: theka la tsabola, tomato mmodzi, anyezi pang'ono, mchere, madzi a ndimu, ndi kambuzi ngati alipo. Apa palibe chimene chatayika ndi moto, ndipo nsima imatsika bwino kwabasi.

Ana ena amakana chifukwa cha kuwawira kuja. Musalimbane nawo pa mbale. Yambani ndi wofiira kapena wachikasu, amene ndi wotsekemera, mumudule timizere azidya ndi manja akuchokera kusukulu, wobiriwira adzabwere pang'onopang'ono. Akuluakulu ena amati akadya girinipepa amangogeya tsiku lonse. Kawirikawiri chimavuta ndi khungu, lomwe ndi lolimba. Muotcheni wathunthu pa mbaula kapena pa moto wa gasi, mukumutembenuza mpaka khungu lichite matuza akuda, mumuike m'mbale yovindikira mphindi khumi, kenako musende ndi zala. Musamutsuke pa mpopi posenda, fungo la utsi lingapite. Vitamini wina amachepa ndi kuotchako, koma mnofu wake umakhala wofewa, wotsekemera, ndipo ndi mchere ndi dontho la mafuta umayenda ndi nyama yootcha kuposa saladi aliyense.

Amene muli ndi kampata kofika dzuwa, ngakhale kuseri kwa chipinda, mungathe kudzala. Njere za tsabola wobiriwira sizimera bwino chifukwa sizinakhwime, ndiye tengani za wofiira wakupsa, muziyanike pamthunzi masiku angapo, kapena mugule kapaketi ka mbewu, kamene kamabereka zofanana ndi chithunzi chake. Fesani mu Seputembala chisanu chitatha, m'kathireyi kapena m'makontena a yogati oboola pansi. Zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti zimere, nthawi zina kupitirira ngati usiku kukuzizirabe. Mbande ikafika masamba anayi kapena asanu ndi limodzi, iwokereni mu ndowa ya malita 20 yoboola pansi, mbande imodzi pa ndowa, dothi losakaniza ndi manyowa. Imafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi, ndi madzi okhazikika. Mukaiumitsa lero n'kuimiza mawa, maluwa amayoyoka ndipo zipatso zimada kunsi. Zikani kamtengo pambali muimangirire, chifukwa nthambi zake zimathyoka msanga zikalemedwa, ndipo pokolola dulani ndi mpeni m'malo mokoka.

Ine ndili ndi ndowa zitatu pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Chaka choyamba ndinali ndi zisanu, koma matalala a masana amodzi mu Novembala anasiya mapesi okhaokha pa ziwiri zimene zinali pabwalo pambalambanda. Mvula ya kuno imabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri chakumadzulo, nthawi imene ambirife tili kuntchito. Choncho ikani ndowa pamene denga limatchingako pang'ono, ndipo mugwirizane ndi amene amatsala pakhomo kuti akaona mitambo yada bii, azikokere pakhonde.